Ku Dallas nkhani ndi mpando wa m'ndege

Anthu a ku Dallas ali ndi nkhani zitatu zimene sizitha pakamwa: kutentha kwa dzuwa, timu ya Cowboys imene inatenga komaliza chikho cha Super Bowl mu Januwale 1996, ndi ndege. Masiku ano ndege zaphimba zinazo. Sizodabwitsa, pajatu likulu la Southwest Airlines lili mumzinda momwemu, pabwalo la Love Field, ndipo ukangoyenda pang'ono cha ku Fort Worth upeza likulu la American Airlines. Pafupifupi aliyense ali ndi mlamu kapena mnzake wa kutchalitchi amene amagwira ntchito kumodzi mwa makampani awiriwa, choncho aliyense ndi katswiri. Ngakhale ife a kumudzi amene tinabwera kuno titakula kale tayamba kulankhula za magulu okwerera ndege ngati tinabadwira pageti.

Chatsitsa dzaye n'choti pa 27 Januwale 2026 Southwest inasiya mwambo umene inayamba nawo mu 1971, wogulitsa tikiti yopanda nambala ya mpando. Kwa inu amene simunakwereko, zinkayenda motere. Pakatsala maola 24 ndendende kuti ndege inyamuke, munthu ankalowa pa foni kutsimikiza ulendo wake, ndipo ankapatsidwa chilembo ndi nambala, kuyambira A1 mpaka C60. Wachangu ankapeza A kapena kumayambiriro kwa B. Woiwala mpaka madzulo ankagwera ku C, kumene kunali mipando yapakati yokhayokha. Anthu ankatchera alamu ngati akukamwa mankhwala. Mkulu wa mpingo wina waulula tsopano, popeza zinatha, kuti anatsimikizapo ulendo ulaliki uli m'kati, foni atayibisa m'buku la nyimbo, ndipo abusa anamuyamikira pambuyo pake kuti ankatsatira mawu mwachidwi.

Pageti panali mizati yachitsulo yolembedwa manambala. Apo ndiye unkaona azibambo a masuti akufunsana mwaulemu wonse kuti, "Pepani, muli nambala yanji?" kuopa kuti wa 37 angaime kutsogolo kwa wa 36. Ukalowa m'kati zinali ngati minibasi ya ku Ndirande, umakhala pamene wapeza. Luso lenileni linali la amene alowa kale, loteteza mpando wapakati kuti ukhale wopanda munthu. Mayi wina namwino amene amatilukira nkhani pa saluni ya ku Irving anazifotokoza bwino zedi. Akuti choyamba usayang'ane munthu m'maso, chifukwa maso akangokumana ndiye kuti wamuitana. Jekete uliike pampando wapakatipo, pamwamba pake chikwama, iwe utembenukire kuzenera n'kuyamba kugona tulo ta bodza. Zikakanika, tulutsa kathumba kosanziramo kaja m'thumba la mpando wakutsogolo, ukatsegule, ukagwire ndi manja awiri uku ukupuma mozama. "Amenewo, asisi, sanandikhumudwitsepo," anatero, saluni yonse n'kufa nacho chikhakhali.

Tsopano zonsezo zapita. Tikiti ili ndi nambala ya mpando, magulu okwerera alipo 8, ndipo tauni yagawikana pawiri. Olira akuti kampani yagulitsa mtima wake. Osekerera akuti zikomo kwambiri, tinatopa ndi anthu osungira achibale awo mzere wonse wa mipando ndi zipewa. Osekererawa ali ndi manambala kumbali yawo: polengeza za kusinthaku mu Julaye 2024, kampaniyo inati kafukufuku wake anaonetsa kuti makasitomala 80 pa 100 alionse amafuna kudziwiratu mpando wawo. Olira akuyankha kuti kafukufukuyo anatuluka patangopita mwezi umodzi kuchokera pamene kampani ya Elliott Investment Management inagula masheya a madola pafupifupi 1.9 biliyoni n'kuyamba kukalipa kuti phindu lachepa. Aliyense awerenge yekha.

Palinso nkhani ina imene anthu amayamba atsitsa mawu asanainene, ya zozizwitsa za m'mwamba. Popeza wokwera pa wilitcheya ankalowa poyamba n'kusankha mpando, akuti ena ankafika pageti akukankhidwa, koma ndege ikatera ankatuluka akuthamanga, ochira. Barry Biffle, ali mkulu wa Frontier Airlines, anadandaulapo poyera mu 2024 za chinyengo chotere. Nthabwalayi imaseketsa, koma ine ndimaseka theka, chifukwa ndaona agogo ambiri amene amatha kuyenda kuchoka pampando kufika pakhomo la ndege koma sangakwanitse mtunda wa m'bwalo la ndege la Dallas Fort Worth (DFW). Si onse ochira amene ananama.

Madala a mumzinda uno, amene anaona Southwest ikubadwa, sakamba za mipando. Iwo akamba za Herb Kelleher, loya wokonda fodya ndi kachasu wa Wild Turkey amene anayambitsa kampaniyi pamodzi ndi Rollin King, ndege zikungozungulira Dallas, Houston ndi San Antonio. Amakuuza kuti mu 1972 ndalama zitavuta anagulitsa ndege imodzi mwa zinayi, n'kuphunzira kutsitsa anthu ndi kukweza ena m'mphindi 10 kuti zitatu zotsalazo zigwire ntchito ya zinayi. Amakuuzanso za 1992, pamene Kelleher anakangana ndi kampani ya Stevens Aviation pa mawu otsatsira malonda, ndipo m'malo mopita kukhoti akuluakulu awiriwo anakapimana mphamvu za mikono pamaso pa khamu la anthu kuno ku Dallas. Kelleher anagonja, koma mawuwo analoledwa kupitiriza kuwagwiritsa ntchito. Anamwalira mu Januwale 2019. Madalawa akafika apa amagwedeza mutu n'kukumbutsana kuti mu Febuluwale 2025 kampaniyo inachotsa ntchito anthu pafupifupi 1,750 a m'maofesi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo pa 28 Meyi chaka chomwecho inathetsa ulele wa zikwama ziwiri n'kuyamba kulipiritsa madola 35 choyamba, 45 chachiwiri. Pa nkhani ya ntchitoyi palibe amene amaseka, chifukwa ochotsedwawo ndi anansi.

Kutsidya, ku American, nkhani ndi kabelu. Kumapeto kwa 2024 kampaniyi inaika makina pageti m'mabwalo oposa 100 amene amalira munthu akasonyeza tikiti gulu lake lisanaitanidwe. Wa pageti amakubweza mwaulemu, koma anthu onse amva kale. Kuno anthu ounjikana pageti nthawi yawo isanakwane amawatcha nsabwe, ndipo mnyamata wina wometa ku Arlington akulumbira kuti anaona bambo wa ulemu wake, tayi ili m'khosi, akubwezedwa kawiri pa ulendo umodzi. Kachitatu akuti anadikira mpaka onse atalowa, kuopa kabelu.

Komatu nsabwezi sizopenga. Mpando uli ndi nambala, palibe angakulande, ndiye akuthamangira chiyani? Akuthamangira kabati ya pamwamba. Mu 2008 American inakhala kampani yaikulu yoyamba kulipiritsa chikwama choyamba chopita pansi pa ndege, madola 15, ndipo ena anatsatira. Kuyambira pamenepo aliyense amakoka sutikesi yake kulowa nayo m'kati, koma makabati sakwana onse. Wolowa pomaliza amalandidwa sutikesi pakhomo, ndipo amakaidikira pa lamba uko akafika, anzake ali kale pa msewu. Makampani anayambitsa okha njala ya malo, kenako n'kuyamba kugulitsa mankhwala ake.

Mphunzitsi wina wa masamu amene timakumana naye pa kanyenya wa Loweruka sachedwa kukwiya ikafika nkhani imeneyi. Iye akuti njira yokwezera anthu mwachangu inapezeka kale. Mu 2008 katswiri wa za nyenyezi, Jason Steffen, anawerengera pa kompyuta n'kupeza kuti muyambe ndi a kuzenera, kuchokera kumbuyo, mukudumpha mzere umodzi umodzi kuti anthu ambiri aziika katundu nthawi imodzi osatsekerezana. Atayesa ndi anthu enieni mu 2011, njirayi inathamanga pafupifupi kawiri kuposa yodzaza kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo. United inatengako pang'ono mu Okutobala 2023, kuti a kuzenera alowe kaye, kenako apakati, pomaliza a m'mbali mwa kanjira, ndipo inati zimenezi zipulumutsa mphindi mpaka 2. Aphunzitsiwa amafunsa kuti nanga enawo akudikira chiyani. Mlamu wawo, amene amagulitsa magalimoto, anawayankha mosavuta: "Alamu, inu mukufuna mzere uziyenda. Iwo akufuna mzere uzigulitsidwa." Ndikugwirizana ndi wa magalimotoyu. Lipoti la komiti ina ya Senate la mu Novembala 2024 linati American, Delta, United, Frontier ndi Spirit anatolera madola 12.4 biliyoni pakati pa 2018 ndi 2023 pa ndalama zosankhira mpando zokha.

Apa ndi pamene khadi la ngongole limalowera, ndipo apa ndiye pali phokoso lenileni. Kale munthu ankalowa poyamba chifukwa walawirira kapena wagula tikiti ya mabwana. Lero chimene chili m'chikwama cha ndalama ndicho chimakuimika pamzere. Ku Southwest, wokhala ndi khadi lawo la banki ya Chase sapitirira gulu 5, ndipo chikwama chake choyamba chimapita ulele. Ku American, kumene magulu alipo 9, makhadi ambiri a Citi amakuikanso m'gulu 5. Tsono popeza theka la mzinda lili ndi makhadiwa, gulu 5 likaitanidwa pamaimirira mtundu wa anthu, aliyense akudabwa kuti anzakewa achokera kuti.

Mkulu wina woyendetsa Uber ali ndi khadi lachitsulo limene amakonda kuligwetsa patebulo kuti limveke kulira. Likagwa limati ngwee, ndipo iye amayang'ana uku ndi uku ngati wagwetsa mwangozi. Za zitsulozi zinatchuka mu 2016 pamene Chase inatulutsa Sapphire Reserve, la madola 450 pachaka, ndi mapointi 100,000 a moni. Anthu analithamangira mpaka chitsulo chopangira makhadi chinatha, ena n'kuyamba alandira apulasitiki. Mu 2025 khadi lomwelo linakwera kuchoka pa madola 550 kufika pa 795, ndipo American Express inayankha pokweza Platinum kuchoka pa 695 kufika pa 895. Achimwene a Uberwa akuti iwo sataya kanthu, chifukwa khadilo limabweza ndalama zambiri kuposa zimene amalipira. Mkazi wawo ndiye anatiuza bwino. Akuti pofuna kuti ndalama zimene khadilo limabweza ukagula zovala ku Lululemon zisapite pachabe, bambowo anagula kabudula wothina wochitira masewero, chonsecho sanapondepo ku jimu chibwerereni ku America. Anagulanso mphete ya Oura yoyeza tulo, imene m'mawa uliwonse imawauza kuti sanagone mokwanira. "Zimenezo ndikanawauza ine ulele," anatero mayiwo. "Munthu wogwira usiku agona bwanji?"

Nyambo yaikulu ya makhadiwa ndi zipinda zodikirira za mabwana, momwe muli chakudya ndi zakumwa zaulere, mipando yofewa ndi bata. Bata lija linatha. Pa DFW pali chipinda cha Centurion cha American Express, komanso cha Capital One, chimene chinali choyamba cha bankiyo pamene chinatsegulidwa mu Novembala 2021, ndipo nthawi zina pakhomo pamakhala mzere wa anthu odikira kuti akadikire m'kati. Dona wina akuti anaima panja nthawi yaitali, atalowa anangotola nthochi ndi kapu ya khofi, ndege yake n'kuitanidwa. Makampani nawo aona kuti alendo achuluka kuposa mbale. Kuyambira mu Febuluwale 2025, Delta imalola a Platinum kulowa m'zipinda zake masiku 10 okha pachaka, a khadi la Delta Reserve masiku 15, pokhapokha ngati agula zinthu za madola 75,000 pa khadilo. Capital One nayo inathetsa zolowetsa alendo ulele kwa a khadi lake la Venture X kuyambira pa 1 Febuluwale 2026. Mabanja ena akuti tsopano bambo amalowa yekha n'kutulutsira ana mabisiketi m'thumba la jekete.

Amene amamvetsa za ndalama amati tisamadabwe, chifukwa makampani a ndege masiku ano amadya kwambiri ku mabanki. Banki imagula mamayilosi, mapointi ogulira matikiti, kwa kampani ya ndege n'kumagawira eni makhadi. Delta inalandira madola pafupifupi 7.4 biliyoni kuchokera ku American Express mu 2024, ndipo mkulu wake Ed Bastian ananenapo mu 2023 kuti ndalama zodutsa pa makhadi a Delta zikuyandikira 1 peresenti ya chuma chonse cha America. Nthawi ya Covid-19, ndege zitaima, chikole chimene obwereketsa anachikhulupirira chinali mapologalamu a mamayilosi: United inakongola madola 6.8 biliyoni, Delta 9 biliyoni, American 10 biliyoni. N'chifukwa chake wantchito wa m'ndege amatha kukudzutsa ndi chimkuzamawu kuti akuuze za khadi, ndege ili m'mitambo.

Pa kanyenya sipalephera kutuluka nkhani za akamuna amene anagonjetsa makampaniwa. Wotchuka ndi David Phillips, injiniya wa ku California, amene mu 1999 anaona kuti kampani ya zakudya ya Healthy Choice ikupereka mamayilosi kwa ogula katundu wake. Anagula timakapu ta pudding 12,150 pa madola 3,000 ndi kanthu, chakudyacho anapereka ku Salvation Army amene anamuthandiza kumatula tizikalata, ndipo anapeza mamayilosi oposa 1.2 miliyoni. Ena amakumbutsa za tikiti ya moyo wonse imene American inayamba kugulitsa mu 1981 pa madola 250,000, yoti uzikwera kutsogolo mmene ungafunire mpaka imfa. Mark Cuban wa kuno konkuno anagulako imodzi. Aliyense amene amafotokoza nkhanizi amaoneka kuti akudziona yekha mwa Phillips. Sindinamvepo wina akunena kuti iye ndi mmodzi mwa amene amalipirira phwandolo, chonsecho chiwongoladzanja cha makhadiwa chimaposa 20 peresenti pachaka, ndipo munthu amene samaliza ngongole yake mwezi ndi mwezi wagula kale tikiti yaulereyo kangapo.

Nkhani zing'onozing'ono ziliponso. Mu Ogasiti 2025 anthu anasumira Delta ndi United chifukwa chowagulitsa mipando ya kuzenera imene inalibe zenera, khoma lokhalokha. Pali mkangano wosatha wa kupendeketsa mpando, umene okalamba amaukumbukira ndi ndege ya United ya mu Ogasiti 2014, yochoka ku Newark kupita ku Denver, imene inakatera ku Chicago chifukwa bambo wina anamanga mpando wakutsogolo ndi kachipangizo kotchedwa Knee Defender, mayi wa pampandowo n'kumuthira madzi. Ndiye pali opempha kusinthana mipando. Mtsikana wina wophunzira pa koleji akuti analipira kuti akhale kuzenera, atafika anapeza bambo atakhalapo kale, nsapato atavula, akumuuza kuti, "Mwana wanga, ndikhale pafupi ndi mayi akowa, iwe ukakhale kwanga." Kwawoko kunali pakati, mzere womaliza, pafupi ndi chimbudzi. Anakana, ndipo akuti ulendo wonse banjalo linkamuyang'ana ngati wathawa maliro. Azimayi a kumpingo agawikana pa mlanduwu: ena akuti mwana wopanda mwambo, ena akuti mwambo suyenda ndi risiti ya munthu wina. Ine ndili ndi mtsikanayo. Wopempha kusinthana azipereka mpando wabwino kuposa umene akutenga.

Koma imene yatiseketsa kwambiri ife a kumudzi ndi ya bambo wina amene wakhala akusunga mapointi zaka zingapo, akugulira pa khadi la Southwest chilichonse kuyambira ufa mpaka matayala, n'cholinga choti Khirisimasi ina adzatere ulele pa Kamuzu International Airport banja lonse. Atakhala pansi kuti agule matikiti, ndi pamene anafunsa funso limene ena amayamba nalo, loti kodi ndege za kampani yakeyo zimapita kuti. Zimapita ku Cancun, ku Jamaica, ku Hawaii. Ana akondwa kwambiri. Agogo awo ku Ntcheu adikirabe.

Inu amene mukufuna khadi loti likufikitseni kumudzi, yambani mwafunsa kuti kampaniyo ili m'gulu limodzi ndi ndani. United ili mu Star Alliance pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imene imatera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ndiye mamayilosi a United angathe kugula mpando kumeneko ukapezeka, ngakhale kuti mu Disembala sapezeka wamba. Southwest imayendetsa ndege za Boeing 737 zokhazokha, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imawoloka nyanja ya Atlantic.